Ulendo wa liwu la Chihebri lakuti hayah

Mneni wa Chihebri wakuti hayah amapezeka maulendo oposa 3,000 m'Chipangano Chakale, ndipo m'malo ambiri ndi liwu wamba lonena za kukhala, kukhalapo kapena kuchitika. Kutchuka kwake kunachokera pa Eksodo 3:14. Mose atafunsa dzina la amene ankamutuma kwa Farao, yankho linatsamira pa liwuli, litasinthidwa kukhala ehyeh. Ehyeh yemweyo ali kale pa vesi 12, m'lonjezo lakuti Mulungu adzakhala naye Mose. Mose, mbusa wa nkhosa, anali ndi mantha, ndipo nkhawa yake inali yakuti kodi akaima yekha pamaso pa mfumu ya Igupto.

Ayuda a ku Alexandria, pomasulira mabuku a Mose m'Chigiriki m'zaka za m'ma 200 Khristu asanabadwe, anasankha mawu akuti ho on, kutanthauza "amene alipo". Apa liwu lija linalowa m'manja mwa anthu a nzeru zakuya. Philo wa mumzinda womwewo analigwiritsa ntchito pophunzitsa za Mulungu wosasintha. Baibulo la Chilatini la Jerome, la cha m'ma 400, linasunga mneniyu m'nthawi ya tsopano, ndipo Thomas Aquinas, amene anamwalira mu 1274, anati ili ndilo dzina lomuyenera Mulungu koposa, chifukwa iye yekha sanalandire kukhalapo kwake kwa wina.

Ndi chiphunzitso chozama ndithu, koma kulira kwa Aisraeli, akapolo oumba njerwa ku Igupto, kunayamba kumvekera patali.

Ena sanaiwale. Aquila ndi Theodotion, omasulira ena a m'Chigiriki, anamasulira liwuli m'nthawi yam'tsogolo, monganso anachitira Martin Luther. Martin Buber ndi Franz Rosenzweig, amene anayamba kumasulira Malemba m'Chijeremani mu 1925, anaumirira kuti vesi 14 likunena za Mulungu amene adzapezeka pomwe pali anthu ake.

Mu 1952 Thorleif Boman anapitirira malire, n'kunena kuti hayah akuonetsa kuti Ahebri ankaganiza mosiyana ndi Agiriki. James Barr anamutsutsa mu 1961, ndipo ananena zoona: liwu limodzi silingasenze maganizo a mtundu wonse. Komabe Buber ndi Rosenzweig sagwa ndi chitsutso chimenechi, pakuti iwo anali ndi mboni ina pambali pa liwulo, ndiyo vesi 12 ndi nkhani yonse ya kutuluka mu Igupto.