Jack Kirby: Mmisiri wa Zithunzi Amene Analimira Ena



Munthu akatsika basi pa Mponela tsiku la msika, nadutsa pakati pa milu ya kaunjika, sangalephere kuona malaya a ana ndi zikwama za kusukulu zojambulidwa zinthu zachilendo: chimunthu chobiriwira chotupa minofu, msilikali wa chishango chokhala ndi nyenyezi pakati, ndiponso wina wovala zakuda thupi lonse, wa makutu onga a nyalugwe. Ana athu amazidziwa ziphonazi ndi maina omwe, Hulk, Captain America ndi Black Panther, popeza amaziona m'nyumba za mavidiyo ndi pa mafoni. Koma mutayenda kufunsa kuyambira ku Madisi mpaka kumapiri a Ntchisi kuti anayamba kuzijambula ndani, ndikukayika ngati mungapeze anthu khumi oyankha. Dzina lake ndi Jack Kirby, ndipo lero tikambe za iyeyu.

Ziphonazi zisanalowe m'kanema zinali m'timabuku ta nthano za zithunzi, timene eni ake amati makomiki. Akuluakulu amene ankawerenga Pewani wa Brian Hara m'nyuzipepala akudziwa kale mtundu wake: nkhani imayenda ndi zithunzi zotsatizana, mawu ali pang'ono chabe. Ku America timabuku totere tinali malonda aakulu, ndipo tinkatuluka mwezi ndi mwezi.

Kirby anabadwa pa 28 Ogasiti 1917 m'dera la anthu osauka la mzinda wa New York. Dzina lake lobadwa nalo linali Jacob Kurtzberg. Makolo ake anali Ayuda ochokera ku Austria, ndipo atate ake ankagwira ntchito m'fakitale yosoka zovala. Kujambula anadziphunzitsa yekha kwakukulukulu. Kumapeto kwa 1940, iye ndi mnzake Joe Simon anatulutsa Captain America, ndipo pachikuto anamujambula akumenya Adolf Hitler chibakera, dziko la America lisanalowe n'komwe m'nkhondo. Mu 1943 nkhondo ija inamuitana iye mwini, nakamenya ku France, kumene mapazi ake anatsala pang'ono kuwonongekeratu ndi chisanu.

Ntchito imene dziko likudyerera lero anaigwira kuyambira mu 1961 pa kampani ya Marvel, pamodzi ndi mkonzi wake Stan Lee. M'zaka zitatu zokha kunabadwa Fantastic Four, Hulk, Thor, X-Men ndi Avengers. Kagwiridwe kake ka ntchito nkofunika kukamvetsa, chifukwa mlandu wonse wagona pamenepa. Lee sankalemba nkhani yonse ayi. Awiriwa ankakambirana mwachidule, kenaka Kirby ankapita kwawo nakajambula masamba okwana makumi awiri, akusankha yekha chochitika choyamba ndi chotsatira, nalemba m'mphepete mwa pepala zimene zikuchitika. Lee ankabwera pomalizira kudzaika mawu m'kamwa mwa anthu aja. Koma pa tsamba loyamba Lee ankalembedwa ngati mlembi, Kirby ngati wojambula chabe. Lee anali pa malipiro a pamwezi, komanso anali mbale wa mkazi wa mwini kampani. Kirby ankalipidwa pa tsamba lililonse limene wapereka, basi. Kabuku kakasindikizidwanso, kapena zithunzi zikaikidwa pa malaya ndi pa zidole, iye sankalandira kanthu.

Anthu a ku Dowa ndi ku Kasungu safunika kuwafotokozera zambiri apa. Tenanti ndiye ankafesa nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka ndi kusankha fodya, koma belo likafika ku okushoni linali ndi nambala ya mwini esiteti. Dziko lathu linaletsa utenanti ndi lamulo mu 2021, koma amene anaulawa sanauiwale. Kirby anali tenanti wa pensulo. Ankanena kuti mwini kampani anamulonjeza zambiri pakamwa, koma pepala losainirana panalibe. Nkhanga zinapangana kusanapse. Iye anadikira mpaka tchire litayaka.

Tsono tifike pa chiphona chimene chikutikhudza ife a mu Africa. Kabuku ka Fantastic Four ka nambala 52 kali ndi deti la Julaye 1966 pachikuto, mwezi womwewo umene dziko la Malaŵi linasanduka Ripabuliki. M'kabukuka ndi mmene munaonekera koyamba T'Challa, mfumu ya dziko longopeka la Wakanda, wovala ngati nyalugwe wakuda. Kumbukirani kuti masiku amenewo munthu wa ku Africa m'makomiki ndi m'kanema za ku America ankakhala wonyamula katundu wa mzungu, kapena wothawa mkango akukuwa. Kirby anajambula zina. Mfumu yake ndi katswiri wa sayansi, wolemera koposa alendo ake. Imatumiza ndege yake kukatenga ziphona zinayi za ku America, ndipo zitafika imazisaka chimodzichimodzi pofuna kuyesa mphamvu zake. Nkhalango imene akumenyeranamo si ya mitengo, koma ya mawaya, mapaipi ndi makina. Chuma cha dzikolo chili pa mwala wamtengo wapatali wotchedwa vibranium, umene mzungu wina wakuba dzina lake Klaw anaphera atate a mfumu poufuna. M'chaka chimene mkuwa wa ku Zambia ndi ku Congo unali pakamwa pa aliyense, nthano imeneyi sinali yachibwana.

Atafunsidwa ndi magazini ya The Comics Journal, m'kucheza kumene kunasindikizidwa mu 1990, Kirby anafotokoza kuti anayambitsa Black Panther atazindikira kuti ali ndi owerenga ambiri akuda koma m'zojambula zake mulibe munthu wakuda. M'kucheza komweko analankhula mowawidwa mtima, nanena kuti Lee sanalembepo kanthu, zonse zinali za iye. Apa, kunena zoona, mkuluyu anapyola muyeso. Nthabwala ndi malankhulidwe amene anakopa owerenga zinali za Lee, ndipo mutu umodzi susenza denga. Koma munthu amene wakhala zaka makumi awiri akumva mnzake akutamandidwa yekha pa nyumba imene anamanga awiri, tisadabwe akakweza mawu kuposa mmene ziyenera.

Nanga za kanema ankaganiza zotani? Mark Evanier, amene anali womuthandiza ntchito ndipo pambuyo pake analemba mbiri yake, wakhala akusimba kuti Kirby ankaneneratu kuti tsiku lina opanga kanema a ku Hollywood adzabwera ku msonkhano wa okonda makomiki wa ku San Diego kudzafuna nkhani za mafilimu awo. Panthawiyo msonkhanowo unali waung'ono, wochitikira m'hotela, ndipo omumva ankangomwetulira mwaulemu. Iye ankaona tsamba lake ngati kanema wa papepala. Onani mmene ankajambulira: chibakera chikubwera molunjika kumaso kwa wowerenga, munthu womenyedwa akuuluka kubowola khoma, makina aakulu ngati phiri la Dowa. Zonsezi zinkadikira makompyuta kuti zitheke pa kanema, ndipo iye ankakhulupirira kuti zidzatheka. Chimene chinkamupweteka nchakuti ankadziwanso kuti zikadzatheka, ndalama zidzapita kwa ena.

Anachoka ku Marvel mu 1970 kupita ku kampani yopikisana nayo ya DC, nabwereranso patapita zaka zisanu. Mu 1977 anayamba kulemba ndi kujambula yekha kabuku ka Black Panther. Mu 1978 anasiya, nakalowa ntchito yopanga makatuni a pa wailesi yakanema ku California, kumene ankalipidwa bwino kuposa kale lonse. Mu 1979 anaonekerako pang'ono m'sewero la pa wailesi yakanema la Hulk, ali wojambula wa apolisi. Owonera ambiri sanadziwe kuti mkulu wogwira pensuloyo ndiye kholo la chimunthu chobiriwiracho.

Mkangano wowawa koposa unali wa mapepala ake enieni, aja anajambulapo ndi dzanja. Marvel itayamba kubweza mapepala kwa amisiri ake, enawo inawapatsa chikalata cha tsamba limodzi kuti asaine, koma Kirby inampatsa cha masamba anayi, chomuuza kuti avomereze kuti alibe gawo lililonse pa zimene anapanga, posinthana ndi mapepala 88 okha. Anakana. Amisiri anzake anamuimira, nkhani inamveka m'manyuzipepala, ndipo mu 1987 kampani inamubwezera mapepala pafupifupi 2,000 mwa oposa 10,000 amene anaijambulira. Anamwalira pa 6 Febuluwale 1994 ali ndi zaka 76.

Zimene ananeneratu zinayamba kuchitika atagona m'manda zaka zisanu ndi chimodzi, pamene filimu ya X-Men inatuluka mu 2000. Mu 2009 kampani ya Disney inagula Marvel pa mtengo wa madola pafupifupi 4 biliyoni. Chaka chomwecho ana ake anayi anayamba kulondola gawo la atate awo. Anagonja kukhoti mu 2011, nagonjanso pa apilo mu 2013, oweruza akunena kuti ntchito ija inali ngati yaganyu, mwini wake ndi wolemba ganyuyo. Anakadandaula ku khoti lalikulu koposa la dzikolo, ndipo mu Sepitembala 2014, kutatsala masiku ochepa kuti oweruza aganizire zoumva mlanduwo, kampani inagwirizana nawo kunja kwa khoti. Kuyambira pamenepo dzina la Kirby linayamba kulembedwa mowirikiza pambali pa la Lee ngati woyambitsa mnzake. Taika Waititi, amene anatsogolera filimu ya Thor ya 2017, ananena poyera kuti mitundu yowala ndi maonekedwe a nyumba za m'filimuyo anazitengera kwa Kirby.

Filimu ya Black Panther inatuluka mu 2018, motsogozedwa ndi Ryan Coogler, ndipo inapeza madola oposa 1.3 biliyoni. Mafupa ake ndi a Kirby: mfumu yovala nyalugwe, dziko lobisika losagonjetsedwa ndi atsamunda, mwala uja, ndi wakuba uja. Koma tisampatse zonse, poti tikatero tichita kwa ena chimene chinachitidwa kwa iye. Killmonger, mdani wamkulu wa m'filimuyo, anachokera kwa Don McGregor ndi Rich Buckler mu 1973. Asilikali aakazi oteteza mfumu anabwera ndi mlembi wakuda Christopher Priest mu 1998. Ndipo Africa wa Kirby, tivomereze, anali wa m'maganizo a mwana wa ku New York, wa ng'oma, mikondo ndi nthenga zosadziwika mtundu wake. Anafunika ena kuti amuveke zovala zenizeni. Ruth Carter, amene analandira mphotho ya Oscar pa ntchitoyi, anatenga mabulangete a Abasotho, mikombero ya m'khosi ya Amandebele ndi chisoti cha amayi okwatiwa a Chizulu. Chilankhulo cha Wakanda chinakhala Chixhosa chifukwa cha John Kani wa ku South Africa, amene anasewera ngati atate a mfumu.

Pa bwalo la nduna za mfumuyo, m'filimu, pakhala mayi wina wamkulu woimira fuko la okumba migodi. Ameneyo ndi Connie Chiume, wobadwira ku Welkom mu 1952, tawuni ya migodi ya golide ku South Africa. Amayi ake anali Mzulu, koma atate ake anali Mmalaŵi wochokera ku Usisya m'boma la Nkhata Bay, mmodzi mwa abale athu osawerengeka amene analowera ku Joni. Motero mwana wa mlendo wobadwira pa mgodi wa eni ake anakhala pampando, m'nthano, ngati mwini mgodi wa dziko lakwawo. Anaonekeranso m'filimu yachiwiri ya 2022, imene inapangidwa Chadwick Boseman, wosewera ngati T'Challa, atamwalira kale pa 28 Ogasiti 2020, tsiku lomwelo limene Kirby akanakwanitsa zaka 103. Mayi Chiume nawo anatisiya pa 6 Ogasiti 2024 ku Johannesburg, ali ndi zaka 72.