Blackbeard ndi Akapolo a M'chombo Chake

Senderani pafupi, adzukulu anga, ndikusimbireni za kutsidya kwa nyanja yamchere.

Kalekale, m'chaka cha 1717, chombo cha Afalansa chotchedwa La Concorde chinachoka ku Ouidah, kumadzulo kwa Africa, chitanyamula akapolo oposa 500. Ulendo unali wa kuchilumba cha Martinique. M'njira munagwa matenda, akapolo ena ndi amalinyero n'kumwalira. Mu November, kutatsala pang'ono kuti afike, anangoti gululu ndi achifwamba a panyanja. Mtsogoleri wawo anali Mngelezi, Edward Teach, amene anthu ankamutcha Blackbeard chifukwa cha ndevu zake zakuda bii.

Afalansa ali ofooka ndi matenda, sanalimbe. Teach analanda chombocho, n'kuwonjezeramo mizinga mpaka kukwana 40, n'kuchitcha Queen Anne's Revenge. Nanga akapolo aja? Musaganize kuti anawamasula, ayi. Ena anawatenga, koma ambiri anawasiya pachilumba cha Bequia pamodzi ndi Afalansa aja, amene anawapatsa kachombo kakang'ono. Pa kachomboko Afalansa anawatuta anthuwo n'kukawatula ku Martinique komwe kuja, kumsika.

Blackbeard ankadyera mantha a anzake. Amati pokamenya nkhondo ankatsomeka zingwe zonyeka pansi pa chipewa, utsi n'kumafuka kumaso, ndipo ambiri ankagonja mfuti isanalire. Mu May 1718 anatsekereza doko la Charleston, n'kugwira anthu olemekezeka amumzindamo. Dipo limene anafuna? Bokosi la mankhwala basi. Pasanapite nthawi chombo chake chachikulu chija chinatitimira mumchenga ku Beaufort, ku North Carolina. Anapempha chikhululuko cha mfumu ya Angelezi, anampatsa, koma dzanja lozolowera kuba silinakhazikike.

Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Iye akupumula ndi kumwa pachilumba cha Ocracoke, bwanamkubwa wa Virginia, Alexander Spotswood, anatuma msilikali Robert Maynard kuti akathane naye. Anakumana pa 22 November 1718. Maynard anabisa anyamata ake m'kati mwa chombo chake. Blackbeard poona pamwamba pali mbee, anayesa kuti mizinga yake yawatha, analumphiramo. Asilikali anatulukira, malupanga n'kuyamba kulira. Blackbeard anagwa atalasidwa ndi zipolopolo zisanu ndi kutemedwa malo pafupifupi 20. Mutu wake anaudula n'kuupachika kutsogolo kwa chombo, ndipo amati pambuyo pake anauzika pamtengo pafupi ndi mtsinje wa Hampton ku Virginia kuti achifwamba ena atengerepo phunziro.

Lero anthu a ku Hampton amachita chikondwerero cha Blackbeard padoko lawo. Makolo amapita ndi ana awo atavala zipewa ndi malupanga oseweretsa, mizinga imalira yopanda zipolopolo, ndipo nkhondo ya Maynard amaichitanso ngati sewero, anthu akuombera m'manja.

Kusewera si mlandu, ndipo mwana amagwira msanga mbiri imene waiona ndi maso. Koma mbiri isamathere pa ndevu. Zotsalira za Queen Anne's Revenge zinapezeka pansi pa madzi mu 1996, ndipo pakati pa mizinga anavuulamonso mikanda yogulira anthu ndi chitsulo chomangira miyendo. Dzina la wakuba aliyense akulidziwa. Anthu aja anakwezedwa ku Ouidah anali ndi mayina, anali ndi amayi awo, ndipo posimba nkhaniyi muziyambira pa iwowo.