Kusamuka ku Windows kupita ku Ubuntu: nchito zoyamba kuzidziwa

Pa 14 Okutobala 2025, kampani ya Microsoft inathetsa thandizo lake la masiku onse pa Windows 10. Makompyuta ambiri akale sangathe kulandira Windows 11 cifukwa imafuna zipangizo zatsopano, monga kacipangizo ka citetezo kochedwa TPM 2.0. Motero ena amene alibe ndalama zogulira kompyuta ina amasamukira ku Linux.

Linux, monga Windows, ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, koma ndi yaulere. Anaiyamba ndi Linus Torvalds wa ku Finland mu 1991. Ili ndi mitundu yambiri, ndipo umodzi wodziwika kwambiri ndi Ubuntu, umene unatulutsidwa koyamba mu Okutobala 2004 ndi kampani ya Canonical ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Liwu lakuti ubuntu m'Cizulu ndi lofanana ndi lathu lakuti umunthu.

Nchito zimene munali kucita pa Windows mudzazicitanso pa Ubuntu. Cimene casintha ndi maina a zinthu ndi malo amene zimapezeka.

Musanasamuke

Kuika Ubuntu kungafafanize zonse zimene zili mu kompyuta. Yambani mwakopera makalata, zithunzi ndi mafayilo ena onse ofunika pa fulashi kapena pa disiki ina, ndipo tsegulani ena mwa iwo kuti mutsimikize kuti akopeka bwino. N'zotheka kuyesa Ubuntu kucokera pa fulashi musanaiike, kuti muone ngati Wi-Fi, mawu ndi pirinta zikugwira nchito.

Kupeza mapulogalamu ndi mafayilo

Batani la pa kiyibodi limene lili ndi cizindikiro ca Windows limagwirabe nchito. Lidineni, lembani dzina la pulogalamu imene mukufuna, ndipo idzaonekera.

Mafayilo amaonedwa mu pulogalamu yochedwa Files. Simudzapeza C: kapena D: monga kale. Zinthu zanu zimakhala mu foda ya Home, mmene muli mafoda a Documents, Downloads ndi Pictures. Mukalowetsa fulashi, dzina lake limaonekera kumanzere. Musanaizule, dinani kacizindikiro kotulutsira kamene kali pambali pa dzinalo.

Kukopera ndi Ctrl ndi C, kumata ndi Ctrl ndi V, kusunga ndi Ctrl ndi S, monga mwa nthawi zonse. Koma dziwani kuti Linux imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono: Kalata ndi kalata ndi mafayilo awiri osiyana.

Kulemba makalata

M'malo mwa Microsoft Office, ambiri amagwiritsa nchito LibreOffice. Writer imagwira nchito ya Word, Calc ya Excel, ndipo Impress ya PowerPoint. Mapulogalamuwa amatsegula mafayilo akale a Office, ngakhale kuti nthawi zina maonekedwe a tsamba amasintha pang'ono.

Writer imasunga kalata ndi mapeto akuti .odt. Ngati wolandirayo ali ndi Word, sankhani Save As ndi kuisunga monga .docx. Kalata yofunsira nchito ndi bwino kuitumiza monga PDF, pakuti idzaoneka cimodzimodzi pa kompyuta iliyonse.

Intaneti

Wi-Fi imapezeka pa ngodya ya pamwamba kumanja kwa sikirini. Dinani pamenepo, sankhani dzina la netiweki ndi kulemba pasiwedi. Intaneti ya pa foni imalumikizidwanso mwa njira yomweyi mukayatsa hotspot. Ubuntu imabwera ndi Firefox, ndipo Gmail, Facebook ndi WhatsApp Web zimatseguka mmenemo monga kale.

Kuika mapulogalamu atsopano

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Mafayilo othera ndi .exe anapangidwira Windows, ndipo pa Ubuntu sagwira nchito paokha. Mapulogalamu amatengedwa mu App Center. Lembani dzina, mwacitsanzo VLC yoonera mafilimu kapena LibreOffice ngati palibe, kenaka dinani Install. Kompyuta idzafunsa pasiwedi yanu. Ici ndi citetezo coletsa munthu wina kuika zinthu popanda cilolezo canu.

Ngati nchito yanu imadalira pulogalamu imene sipezeka pa Ubuntu, monga Adobe Photoshop, fufuzani msanga ngati ilipo ina yolowa m'malo mwake musanasamuke.

Terminal

Terminal ndi malo olembamo malamulo a kompyuta, ndipo imatseguka ndi Ctrl, Alt ndi T. Nchito zambiri za tsiku ndi tsiku siziifuna. Mukamalemba pasiwedi mmenemo ndipo palibe cooneka pa sikirini, musadabwe. Malizani kulemba ndi kudina Enter. Lamulo loyamba ndi liwu lakuti sudo lili ndi mphamvu yosintha kapena kufafaniza ciliconse, conco musalembe lamulo limene simukulimvetsa.

Kusamalira kompyuta

Kompyuta ikakudziwitsani kuti pali zokonza zatsopano, zilandireni, cifukwa zimatseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowera. Zina zimadya data yambiri, motero ndi bwino kuzitenga pamene muli pa Wi-Fi. Oyamba kumene asankhe Ubuntu yolembedwa LTS, imene imatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse ndi kulandira thandizo kwa zaka 5. Mwacitsanzo, Ubuntu 24.04 inatuluka mu 2024, ndipo thandizo lake lidzafika mu 2029.