Zaka za odwala poyerekeza imfa za matenda opatsirana

Zaka za odwala ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimasintha kwambiri chiwerengero cha imfa za matenda opatsirana pamene mayiko akuyerekezedwa. Chiwerengerochi chimasonyeza kuti pa anthu 100 alionse amene anapezeka ndi matenda, ndi angati amene anamwalira. Popeza matenda ambiri sapha ana, achinyamata ndi okalamba mofanana, dziko limene odwala ake ambiri ndi okalamba limatha kuoneka ngati likulephera, chikhalirecho zipatala zake zikugwira bwino ntchito.

COVID-19 ku China, Italy ndi South Korea

Mu February 2020, bungwe la boma loona za matenda ku China linatulutsa lipoti la anthu 44,672 amene anapezeka ndi COVID-19. Mwa anthuwa, 1,023 anamwalira, zomwe ndi 2.3 peresenti. Atawagawa potengera zaka, kusiyana kunali kwakukulu: palibe mwana wosakwana zaka 10 amene anamwalira, pomwe pa odwala a zaka 70 mpaka 79 anamwalira 8 peresenti, ndipo pa a zaka 80 kupita m'mwamba anamwalira 14.8 peresenti.

Mliriwu utafika ku Italy, chiwerengero cha imfa chinaposa cha ku China. Italy ndi limodzi mwa mayiko okhala ndi okalamba ambiri, ndipo pafupifupi anthu 23 pa 100 alionse kumeneko anali ndi zaka 65 kapena kuposerapo. Chodabwitsa n'chakuti kumayambiriro kwa March 2020, pafupifupi m'gulu lililonse la zaka, odwala a ku Italy ankamwalira ochepa poyerekeza ndi anzawo a msinkhu womwewo ku China. Koma akaphatikiza magulu onse, Italy inkabwera pamwamba, chifukwa odwala ake ambiri anali m'magulu a okalamba. Akatswiri a masamu amatcha zoterezi Simpson's paradox, potengera dzina la Edward Simpson amene analemba za nkhaniyi mu 1951. Pofika pakati pa mwezi womwewo chiwerengero cha Italy chinakwera kufika pa 7.2 peresenti, ndipo okalamba ake ankamwalira kuposa a ku China, kotero zaka pazokha sizinafotokoze zonse.

Ku South Korea mliri unafalikira poyamba pakati pa anthu a mpingo wa Shincheonji mumzinda wa Daegu, amene ambiri anali achinyamata. Boma linayezanso anthu ochuluka, ngakhale amene sankamva kudwala. Pa zifukwa ziwirizi, chiwerengero cha imfa chinali pafupifupi 1 peresenti pa nthawiyo.

Mayiko a anthu aang'ono

Mayiko ambiri a mu Africa analengeza imfa zochepa za COVID-19, ndipo zaka ndi chimodzi mwa zifukwa zake. Kalembera wa 2018 ku Malawi anapeza kuti pafupifupi theka la anthu anali osakwana zaka 18, ndipo a zaka 65 kupita m'mwamba sankafika 4 pa 100 alionse. Komabe si bwino kudalira chifukwa chimenechi chokha. Anthu ambiri amamwalira kumudzi osayezedwa, ndipo imfa zawo sizilembedwa. Kafukufuku wa mu 2020 pa mitembo ya pa chipatala cha University Teaching Hospital ku Lusaka anapeza kachilomboka mwa anthu ambiri amene sanayezedwepo ali moyo.

Matenda ena amatembenuza nkhaniyi. Malungo amapha kwambiri ana osakwana zaka 5, choncho dziko la ana ambiri limakhala ndi imfa zambiri za malungo. Chimfine cha mu 1918 chinapha kwambiri anthu a zaka 20 mpaka 40.

Kulinganiza zaka

Pofuna kuyerekeza mwachilungamo, akatswiri amawerengera imfa za gulu lililonse la zaka palokha, kenako n'kufunsa kuti imfa zikanakhala zingati mayiko onse akanakhala ndi ana, akuluakulu ndi okalamba ochuluka mofanana. Bungwe la WHO linakonza muyezo wa magulu a zaka wogwiritsa ntchito powerengera zimenezi mu 2001. Njirayi imachotsa kusiyana kobwera ndi zaka basi. Siikonza kusiyana kwa kayezedwe, kalembedwe ka imfa, kapena kuchuluka kwa matenda monga shuga ndi HIV pakati pa odwalawo.