Mfiti za ku Ulaya zinali ndani?

Mwana wa mlongo wanga amagwira nchito ku Johannesburg. Atabwera kudzadya nafe Khirisimasi, tsiku lina madzulo tili pakhonde anandionetsa kanema pa foni yake. Munali azungu ovala mikanjo atazungulira moto usiku, wina atanyamula mpeni, wina kandulo. Mlaliki wolankhula m'kanemamo ankati amenewa ndi mfiti za ku Ulaya, ali ndi chalichi cawo cochedwa Wicca, amapembedza Satana ndipo amamwa magazi a ana. Mnyamatayo anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Amalume, inu mwaphunzitsa mbiri yakale zaka zambiri. Kodi zimenezi n'zoona?" Tsiku limenelo ndinamuyankha mwacidule cifukwa nsima inali itafika. Yankho lalitali ndi ili.

Vuto limayambira pa liwu. A ku England amati witch, Apwitikizi amati bruxa kapena feiticeira, ife timangomasulira kuti mfiti. Koma kwa ife mfiti ndi munthu wouluka usiku pa licero, wokwera fisi, wopha mwana wa m'bale wake n'kukafukula manda kuti adye mtembo. Palibe munthu wamutu wabwino amene angaime pa msika wa Lizulu n'kulengeza kuti ine ndine mfiti. Ndiye tikamva kuti ku London kuli anthu odzichula okha dzina limeneli, timaganiza kuti dziko latha. Pamene m'liwu limodzili mwabisala magulu awiri osiyana: anthu amene anaphedwa ku Ulaya zaka 400 zapitazo, ndi anthu a cipembedzo catsopano cimene sicinakwanitse ndi zaka 100 zomwe.

Cimene cinandidabwitsa nditayamba kuwerenga nkhaniyi n'cakuti Mpingo wakale sunkasaka mfiti. Ca m'ma 785 mfumu Charlemagne inaika lamulo kwa anthu a ku Saxony, amene inkawaumiriza kulowa Cikhristu, lakuti woocha mnzake pomuganizira kuti ndi mfiti yodya anthu, iyeyo ndiye aphedwe, pakuti maganizo otere ndi acikunja. Taonani, yodya anthu, ngati yathu yomwe. Ca m'ma 900 kunabweranso lamulo la Mpingo lochedwa Canon Episcopi, louza ansembe kuti aziphunzitsa kuti akazi onena kuti amauluka usiku amangonyengedwa m'maloto.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1400. Akatswiri a zaumulungu ndi oweruza anayamba kuphunzitsa kuti wolodza sacita yekha, koma wapangana ndi Satana, wakana ubatizo wake, ndipo usiku amasonkhana ndi anzake kukamugwadira. Mu 1484 Papa Innocent VIII analemba kalata yolimbikitsa wansembe wina, Heinrich Kramer, kusaka mfiti ku Germany. Kramer anakayesa ku Innsbruck, koma mlandu unagwa, akazi amene anawagwira anamasulidwa, ndipo episkopi wa deralo anamuuza kuti acoke. Atacoka uko anakalemba buku lodzaza ndi cidani pa akazi, Malleus Maleficarum, kutanthauza nyundo yophwanyira mfiti. Makina osindikizira mabuku anali atangotulukira kumene, conco buku la munthu wopitikitsidwa uja linafika kutali kuposa mapazi ake.

Moto weniweni unayaka pakati pa 1560 ndi 1630. Akatolika ndi Aprotestanti ankaphana pa nkhani za cikhulupiriro, koma pa mfiti ankamvana, ndipo onse ankachula Eksodo 22:18. Olemba mbiri amawerengera kuti anthu 40,000 mpaka 60,000 anaphedwa ku Ulaya konse, atatu mwa anayi alionse anali akazi, ndipo pafupifupi theka anali a maiko olankhula Cijeremani. Milandu yambiri inkazengedwa m'mabwalo a boma, koma nkhuni zinkacokera pa guwa.

Ndiime pang'ono pa mzinda umodzi, Bamberg, ku Germany komweko. Mu 1626 cisanu cinagwa nthawi yosayenera n'kupsereza mbewu ndi mphesa. Ife a kumapiri a Angónia timadziwa mmene mtima umawawira ukapeza munda wapsa usiku umodzi. Anthu anafuna womuloza cala. Episkopi, amene analinso wolamulira dera lonselo, anamangitsa ndende yapadera ya mfiti, ndipo m'zaka zocepa anthu mazanamazana anaochedwa. Mu 1628 anagwira Johannes Junius, bambo wa zaka 55 amene anakhalapo meya wa mzindawo. Mkazi wake anali ataphedwa kale pa mlandu womwewo. Iye anakana. Anamufinya zala ndi zitsulo mpaka magazi anatuluka m'zikhadabo, anamumanga manja kumbuyo, n'kumukweza m'mwamba ndi cingwe, n'kumugwetsa. Womuzunzayo mwini wake anamupempha kuti angopeka ciliconse, cifukwa akulu aja sadzamusiya. Anapeka. Kenaka anayamba kumufunsa msewu ndi msewu: pa msewu uwu unaona ndani ku msonkhano wa mfiti? Akapanda kuchula munthu, ankamuopseza ndi cingwe cija.

Zonsezi timazidziwa cifukwa asanaphedwe analembera mwana wake wamkazi, Veronica, kalata yamseri ndi manja ophwanyika aja, ndipo kalatayo ilipo mpaka lero. M'menemo akumuuza kuti zonse zimene anavomera ndi bodza, ndiponso kuti amene anamuchula iye anamupepesa m'ndendemo, poti nawonso anazunzidwa cimodzimodzi. Bambo ameneyu sanali wa cipembedzo cina. Anali Mkhristu wobatizidwa, ngati pafupifupi onse amene anaphedwa: amasiye, akapolo a m'nyumba, nkhalamba zolongolola, ana, ngakhale ansembe. Akhristu ankaocha Akhristu anzawo.

Ku England ankapacika m'malo moocha. Kumeneko Matthew Hopkins, pakati pa 1645 ndi 1647, ankayenda mudzi ndi mudzi kufufuza mfiti, midziyo n'kumamulipira. Woganiziridwa ankamumanga n'kumuponya m'madzi: akayandama ndiye kuti ndi mfiti, akamira ndi wosalakwa. Aliyense amene agogo ake anamusimbira za mwabvi, kapena za a mcape amene anayenda m'maiko athu ano m'zaka za m'ma 1930, aizindikira nchito imeneyi. Wolipidwa kuti apeze mfiti sabwerera cimanjamanja.

Ndisanamizire Mpingo kuti unali ndi ankhanza okhaokha. Ku Spain, mu 1611, woweruza wa Mpingo Alonso de Salazar Frías anayenda m'midzi ya Abasque namva anthu oposa 1,800 odzivomereza ufiti, ambiri a iwo ana. Anayesa mafuta amene ankati ndi oulukira, anafananiza nkhani za mboni, ndipo sanapeze umboni ndi umodzi womwe. Anauza akulu ake kuti m'midzimo munalibe mfiti kapena olodzedwa mpaka pamene anthu anayamba kulalikira ndi kukamba za izo. Mu 1631 Friedrich Spee, wansembe wa Cijezuiti, cipani comwe cinatsegula mishoni ya Lifidzi kwathu kuno, anatulutsa buku lochedwa Cautio Criminalis osaikapo dzina lake. Mfundo yake inali yakuti mazunzo ndiwo amapanga mfiti, cifukwa aliyense, ngakhale woweruza mwini wake, angavomere atamukweza pa cingwe. Pang'ono ndi pang'ono mabwalo anayamba kufuna umboni weniweni, ndipo milandu inazilala. Mu 1735 England inasintha lamulo: wolakwa tsopano anali wodzinenera kuti ali ndi mphamvu zamatsenga, monga wakuba mwacinyengo. Ku Switzerland wanchito wa m'nyumba, Anna Göldi, anadulidwa mutu mu 1782, ndipo boma la dera lake linadzavomera mu 2008 kuti anaphedwa wosalakwa.

Tsono Wicca ikulowa pati? Lamulo la 1735 lija linafafanizidwa mu 1951. Patapita zaka zitatu, mkulu wina wopuma pa nchito, Gerald Gardner, amene anakhala nthawi yaitali ku Ceylon ndi ku Malaya m'minda ya tiyi ndi mphira kenaka m'boma la atsamunda, anatulutsa buku lochedwa Witchcraft Today. Ankati mu 1939 kagulu kena kobisika ka ku New Forest kanamulowetsa m'cipembedzo cakale ca makolo a ku Ulaya. Maganizowo anawatenga kwa mayi wina wophunzira, Margaret Murray, amene mu 1921 analemba kuti ophedwa aja anali otsatira cipembedzo ca makolo cimene Mpingo unkafuna kucizimitsa. Nkhani yokoma, koma si yoona. Murray anatenga mawu ofinyidwa ndi zitsulo, ngati a Junius, n'kuwayesa umboni. Olemba mbiri monga Norman Cohn ndi Ronald Hutton anaonetsa kuti cipembedzo cotero kunalibe, ndipo miyambo ya Wicca inalukidwa ndi Gardner ndi anzake, makamaka mayi Doreen Valiente, kucokera m'mabuku osiyanasiyana. Ciwerengero ca ophedwa 9 miliyoni cimene Gardner ankanena nco cabodzanso. A Wicca ambiri lero amavomereza zimenezi.

Zimene amacita n'zosabisika, zili m'mabuku ogulitsidwa poyera. Amalemekeza mulungu wamkazi amene amamuona m'mwezi ndi m'nthaka, ndi mulungu wamwamuna wa nkhalango ndi nyama. Ali ndi zikondwerero zisanu ndi zitatu pa caka zotsata nyengo, ndipo amasonkhananso mwezi ukakhala wathunthu, m'timagulu ta anthu ocepa. Satana samukhulupirira n'komwe, amati ameneyo ndi wa m'ciphunzitso ca Akhristu. Lamulo lawo lodziwika kwambiri ndi loletsa kupweteka wina. Mpeni umene mphwanga anauona m'kanema muja amalozera nawo m'mwamba polemba bwalo lopempherera, sapherapo kanthu. Nyenyezi yawo ya nsonga zisanu imaimira nthaka, mpweya, moto, madzi ndi mzimu. Pa kalembera wa 2021 ku England ndi Wales, anthu pafupifupi 13,000 analemba kuti ndi a Wicca.

Pali zinthu ziwiri zimene zimatipunthwitsa ife makamaka. Mulungu wawo wamwamuna amamujambula ndi nyanga za nswala, ndipo m'cinenero cathu liwu lakuti nyanga lili ndi fungo lake: tikamva kuti uje ali ndi nyanga, sitiganiza za nswala. Cina n'cakuti magulu ena a Wicca, potsata Gardner, amapemphera ali maliseche, ndipo ife timadziwa kuti woyenda maliseche usiku ndi ndani. Koma kufanana kwa maonekedwe si umboni. Ifenso tinachedwapo a Satana cifukwa ca zigoba za Gule Wamkulu, gule amene UNESCO inadzamulemekeza mu 2005 monga cuma ca Malawi, Moçambique ndi Zambia.

Ine ndine Mkhristu ndipo sindikufuna kusiya. Sindikhulupirira mulungu wa mwezi, ndipo Mpingo uli ndi ufulu wouza ana ake kuti njira iyo si yathu. Koma kunena kuti anthu amamwa magazi a ana pamene sacita zimenezo ndi kucitira mnzako umboni wonama, ndipo umboni wonama uli ndi mtengo. Ku West Memphis, ku America, ana atatu anaphedwa mu 1993. Anagwidwa anyamata atatu, mmodzi wa iwo Damien Echols, amene ankavala zakuda ndi kuwerenga za Wicca. Bwalo linauzidwa kuti ndi nchito ya opembedza Satana, ndipo Echols anaweruzidwa kuti aphedwe. Anatuluka m'ndende mu 2011, umboni wa DNA utalephera kumulumikiza ku imfa zija.

Komabe a Wicca nawo ndili nawo mawu. Iwo anatola dzina la witch ngati covala conyadira, cifukwa kwawo palibenso amene amaphedwa nalo. Kwathu dzinali lidakali ndi mano. Ku South Africa komwe mphwanga amakhala, azungu a zipembedzo zimenezi atafuna kuti boma liwalemekeze ndi dzina limeneli, asing'anga a kumeneko anawakaniza, ponena kuti m'midzi munthu wochedwa dzinalo amaochedwa.

Nkhondo itatha mu 1992, tinabwerera kucokera ku Malawi n'kupeza malire a minda atasokonekera. M'mudzi mwathu munali agogo ena amasiye, opanda mwana wamwamuna wowalankhulira, amene anali ndi dimba labwino m'mbali mwa mtsinje. Mwana wa pa banja loyandikana nalo anatentha thupi masiku atatu n'kumwalira. Pa maliro pomwepo dzina la agogowo linayamba kunong'onedwa. Lamulungu lotsatira gulu la opemphera linapita kukaimba pakhomo pawo kuti litulutse ziwanda, ndipo ine ndinali pakati pawo, buku la nyimbo lili m'manja. Sindinaponye mwala, koma sindinatsegulenso pakamwa pamene anyamata anayamba kusasula udzu wa padenga. Agogowo anawoloka malire usiku womwewo ndi kamtolo pamutu, ndipo anakafera kwa acibale awo patapita zaka ziwiri. Za Junius ndi Salazar ndinali ndisanawerenge. Mphwangayo ndinamuuza nkhaniyi m'mawa wake tikupita kudimba, n'kumulozera malowo. Amalimapo kabichi ndi ana a munthu amene anayamba kuchula dzina lija.