Mbewa za Mayi Lathrop

Abale, ife mbewa tiidziwa ngati ndiwo, ndi khoswe ngati mbala ya m'nkhokwe; koma tinyama timeneti tathandiza kulanditsa amayi ambiri ku khansa ya m'mawere.

M'chaka cha 1895 sing'anga wa ku Glasgow, George Beatson, anachotsa ziwalo zobala mazira mwa mkazi wodwala nthendayi, ndipo chotupa chinaphwa, chifukwa chake osadziwika. Ku Granby, m'dziko la America, kunali Mayi Abbie Lathrop, amene anasiya uphunzitsi pofooka m'thupi, nayamba kuweta mbewa zamalonda. Iwo ndi Leo Loeb anaonetsa mu 1916 kuti mbewa zazikazi zochotsedwa ziwalozo zisanakwane miyezi 6 sizituluka zotupa kawirikawiri. Tiyesa kuti mayiyu sanatamandidwe monga kuyenera. Mu 1932 Antoine Lacassagne wa ku Paris anabaya mbewa zazimuna timadzi tachikazi totchedwa estrogen, ndipo nazonso zinamera zotupa m'mawere. Pamenepo mdani anaonekera poyera.

Mankhwala a tamoxifen, amene atsekereza estrogen m'bere, anapangidwa ku England mu 1962 kuti aletse kubala, koma mwa akazi analephera. Tsono Craig Jordan, m'zaka za m'ma 1970, anawayesa pa makoswe: opatsidwa mwezi umodzi wokha zotupa zinangochedwa kutuluka, koma opatsidwa kosalekeza ambiri sanatupe. Ndicho chifukwa chake mayi wochotsedwa chotupa chokula ndi estrogen amamwa mankhwalawa zaka 5 kapena 10, angakhale adzimva wochira. Pakuti akaleka msanga, nthenda ikhoza kuphukanso ngati chitsa.