Kuchokera pa migolo ya ku Koko kufika pa makompyuta akufa

Mu 1988 anthu a m'tauni yaing'ono ya Koko, pa doko lina la ku Nigeria, anazindikira kuti migolo yambirimbiri yomwe inaunjikidwa pabwalo la munthu wina sinali katundu wamba. Munali mankhwala a poizoni ochokera ku mafakitale a ku Italy, ndipo mwini bwaloyo ankalandira madola pafupifupi 100 pamwezi. Migolo ina inali itayamba kale kudontha. Boma la Nigeria linakwiya, linaitanitsa kazembe wake ku Rome, ndipo zinyalalazo zinakwezedwanso m'sitima kubwerera kwawo.

Chaka chomwecho sitima ina, Khian Sea, inali ikuyendayenda panyanja ndi phulusa la zinyalala za mumzinda wa Philadelphia. Inanyamuka mu 1986, madoko ambiri anaikana, matani pafupifupi 4,000 inawasiya pagombe la Gonaïves ku Haiti, ndipo lotsalalo linakathera m'madzi.

Manyazi a nkhani zimenezi ndiwo anabala Pangano la Basel, lomwe linavomerezedwa ku Switzerland mu Marichi 1989 ndi kuyamba kugwira ntchito mu 1992. Mfundo yake inali yosavuta kumva: usanatumize zinyalala zoopsa kudziko lina, uyambe walidziwitsa, ndipo livomere polemba. Mayiko a mu Africa anaona kuti mpanda umenewu ndi wofupika, choncho mu 1991 anapanga lawo, la Bamako, loletseratu kulowetsa zinyalala zotere m'kontinentiyi. Mu 1995 Pangano la Basel linawonjezerapo chiletso chakuti mayiko olemera asatumize zinyalala zoopsa kumayiko osauka, koma chinadikira mpaka Disembala 2019 kuti chikhale lamulo. Dziko la United States, lomwe limataya zipangizo zochuluka zedi, linasaina panganoli koma mpaka pano silinalivomereze kwathunthu.

Vuto n'lakuti olemba malamulowa ankaganiza za migolo. Kompyuta yakale sidontha, sinunkha, ndipo papepala la kasitomu ikhoza kulembedwa kuti ndi katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, kapena wopita kukakonzedwa. Nthawi zina zimakhaladi zoona, poti ambiri amene ali ndi laputopu ku Lagos kapena ku Accra anaigula ya kaunjika. Koma m'kontena imodzimodziyo mumalowanso zakufa.

Kumene zinkathera kunaonekera mu 2002, pamene bungwe la Basel Action Network linatulutsa lipoti la ku Guiyu, m'chigawo cha Guangdong ku China. Kumeneko anthu ankawamba timatabwa ta m'kati mwa makompyuta pa mbaula kuti mtovu usungunuke, tizipangizo tizuke. Ena ankaviika timatabwato mu asidi pofuna golide, n'kutaya madziwo mumtsinje, mpaka madzi akumwa anayamba kuchokera kutali. Ku Agbogbloshie, mumzinda wa Accra, anyamata ankatentha milu ya mawaya kuti pulasitiki ipse, kopa atsale, utsi wakuda bii uli tolo pamwamba pa msika. Boma linagumula malowa mu 2021, ntchitoyo n'kungobalalikira m'madera ena.

Chodabwitsa n'chakuti lamulo lomwe linagwedeza mafakitale kwenikweni silinali la pamalire. Mu 2003 bungwe la European Union linakhazikitsa malamulo awiri. La WEEE linati wopanga chipangizo ndiye alipire zotolera ndi kuphwasula chikatha ntchito. La RoHS linaletsa, kuyambira pa 1 Julayi 2006, kugulitsa zipangizo zokhala ndi mtovu, mekyule, cadmium ndi mankhwala ena oopsa kupitirira muyezo wochepa kwambiri.

Apa mainjiniya anatuluka thukuta. Kwa zaka zambiri tizipangizo tamagetsi tinkalumikizidwa ndi chowotcherera cha tini wosakaniza ndi mtovu, chotchipa komanso chosungunuka msanga. Cholowa m'malo mwake, cha tini, siliva ndi kopa, chimafuna moto wochulukirapo, motero makina owotcherera ndi tizipangizo tomwe tinayenera kusinthidwa kuti tipirire kutentha. Ndipo poti palibe kampani yomwe ingakonde kukhala ndi mizere iwiri m'fakitale, wina wa ku Ulaya wina wa kwina, mafakitale ambiri a ku Asia anangosintha zonse. Foni yogulidwa ku Lilongwe lero imatsatira lamulo lolembedwa ku Ulaya, mwini wake asakudziwa n'komwe.

Khomo la kaunjika lija linachepetsedwa mu 2022, pamsonkhano wa mamembala a Pangano la Basel ku Geneva, Ghana ndi Switzerland zitapereka ganizo limodzi. Kuyambira pa 1 Januwale 2025, zinyalala zonse za zipangizo zamagetsi, zoopsa ndi zosaopsa zomwe, zimafuna chilolezo cha dziko lolandira zisanakwere sitima. Makampani ogula ndi kugulitsa zitsulo zakale tsopano ali ndi mapepala ambiri odzaza, ndipo amene ali ku United States njira yawathinira, popeza mamembala a panganoli saloledwa kuchita malonda a zinyalala zotere ndi dziko lomwe si membala popanda mgwirizano wapadera.

Mulu wokha sukudikira. Lipoti la mabungwe a United Nations linapeza kuti mu 2022 dziko lonse lapansi linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo zomwe zinatoleredwa ndi kukonzedwa mwadongosolo zinali 22.3 peresenti yokha.